Meza Zinayi M'nyumba ya Mbatatesi

Lolemba

Kwazizira. Nkhungu mpaka pakhomo. Ng'ombe m'khola sizikuoneka, zikungomveka kupuma.

Loweruka likubwerali ndi masewera athu omaliza ndi a Fulugensiyo. Mwana wawo Luwiza amusamutsira ntchito ku Tete, ndipo telefoni imene mdalayo amasewerera ndi ya Luwizayo. Ikangochoka ku Furancungo, basi, meza yathu yatsekedwa.

Munthu ameneyu tinadziwana ku kampu ku Malawi, nthawi ya nkhondo. Makadi ndi amene anatisungira mitu. Ngakhale zilembo ndikulembazi anandisonyeza ndi iwowo, ndi khala, pa matumba a ufa. Kusonyeza kokha! Kuphunzira ndinaphunzira ndekha.

Masiku ano timasewera pokeri pa telefoni Loweruka lililonse masana, iwo uko, ine kuno ku Tsangano. Si juga ayi. Timiyala take ndi ta pa galasi, sungagulire ngakhale mchere. Akazi anga a Nangondo anafufuza kale zimenezo, ngati kuti wina anawapempha chilolezo.

Ndiye lero a Fulugensiyo andiimbira. Akuti, "Achimwene, ine tsopano ndimasewera pa televizawu. Makadi ngati zitseko!" Nkuseka.

Kundinyadira ine! Ndi televizawu!

Chabwino. Mwana wa mlongo wanga Selesitino, uja amaphunzitsa ku sekundariya, anandiuzapo kuti akatswiri enieni amasewera meza zambiri nthawi imodzi. Loweruka ine ndisewera zinayi. A Fulugensiyo ndiwagonjetsa ndi diso limodzi, linalo lili pa ntchito kwina. Azikakumbukira mpaka mano atathe.

Lachiwiri

Selesitino wabwera ndi komputadori yake. Wakhala pansi, wayamba kuphunzitsa ngati ndalipira.

Akuti njira zilipo ziwiri. Galasi limodzi lalikulu, meza zonse nkukhala m'menemo ngati mabedi a kudimba. Kapena magalasi angapo, meza iliyonse lakelake. Iye akuti limodzi: maso sayendayenda, khosi silivutika, bateriya siitha msanga.

Limodzi! Nanga kusiyana kwanga ndi a Fulugensiyo kukhala pati? Wodutsa pakhomo aona chiyani?

Zofunika:
televizawu yaikulu ya ku baraka, kabala kaja ka a Shaviyere
komputadori ya Selesitino
telefoni ya a Nangondo (sanadziwebe)
telefoni yanga, yong'aluka pakona
zingwe, zingwe, zingwe

A Shaviyere ayamba ndi kukana. "Madala, Loweruka kuli mpira, anthu andipha." Ndangowakumbutsa kuti ng'ombe zimene zinawazulira galimoto ya katundu m'matope mvula yapitayi zinali za ndani. Avomera. Akuti ibwerere mpira usanayambe.

Selesitino akufunsa, "Malume, munayamba mwasewerapo ngakhale ziwiri?" Ndamuuza kuti ndinkalima minda itatu iye asanamere mano. Wati minda siilira ukachedwa. Sindikumva chimene akutanthauza, ndipo sindifunsa.

Lachitatu

Vuto la rede, ija ena amati netiweki.

M'nyumba yaikulu telefoni imagwira rede ya ku Malawi. Ukangoyandikira zenera la kum'mawa, uthenga uwo: takulandirani. Kundilandira ine? Ndinachokako kale uko, ndinabwerera ndi miyendo yangayi!

Rede yakwathu imagwira malo amodzi okha: m'nyumba ya mbatatesi, kumtunda kwa khola. Ndi m'mene ndimakhala Loweruka lililonse, pa thumba. Koma telefoni imodzi siifuna malo. Magalasi anayi akufuna.

Tatulutsa matumba ena a mbewu, taunjika pakhonde. A Nangondo aima ndi manja m'chiuno: "Mbewu imeneyo ikapsa ndi chisanu, chaka chino mudzala makadi."

Kaikidwe kake:
kutsogolo, televizawu, pa chitseko chakale chogoneka pa matumba
kumanja, komputadori, pa mpando wa alendo
pamwamba, telefoni ya a Nangondo, pa msomali (adziwa tsopano, mudzi wonse wadziwa)
kumanzere, kanga kong'aluka, kotsamira thumba

Latsala funso: a Fulugensiyo akhale pa galasi liti?

Selesitino akuti, "Tiwaike pa televizawu, kutsogolo. Si ndi iwo mukutsanzikana nawo?"

Ayi! Kutsogolo kukhale alendo, anthu a mayiko akutali, osadziwika mtima. Amenewo ndi ofuna diso. A Fulugensiyo ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo. Akagwira makadi abwino amachedwa, akakhala opanda kanthu amathamanga. Akhale pa kafoni, kumanzere. Nkhaniyi ikadzawafika, akadzamve kuti ndinawaika pa kang'onong'ono.

Selesitino wangopukusa mutu. Ana a eskola!

Lachinayi

Kuyesa.

Magalasi onse ayaka. Kukongola kwake! M'nyumba ya mbatatesi mukuwala ngati mu banku. Ndatsegula chitseko kuti odutsa aone. Yadutsa mbuzi.

Chimene Selesitino sananene momveka: meza siidikira munthu. Ukachedwa imalira, ti-ti-ti, kenako imakutayira makadi yokha. Ukachedwanso kangapo, imakudzutsa pampando. Zinayi zikamalira pamodzi, ngati anapiye amene make wagwidwa ndi kabawi.

Zachitika lero:
timiyala tonse ndaponya pa meza yolakwika
mafumu awiri atayidwa ndikuyang'ana kudenga
komputadori ndaikanda ndi chala ngati telefoni, siimva chala
munthu wina wa dzina losawerengeka wanditumizira kankhope koseka. Mwana wa ndani ameneyu?

Kutsogolo, kumanja, kudenga, kumanzere. Kutsogolo, kumanja, kudenga, kumanz... Khosi lati khwa!

Lagwira. Kumanja likuyenda, kumanzere lakana kwamtuwagalu. A Nangondo akundithowa ndi madzi otentha, akuti, "Nkhuku imatero ndi khosi chifukwa inabadwa choncho. Inu munabadwa bwinobwino."

A Fulugensiyo anaimba ndili pakati pa meza. Sindinayankhe. Ndiwaimbira mawa.

Lachisanu

Dzuwa silinaoneke chiyambire Lolemba. Paineli ya sola ili padenga ikungonyowa ngati chikopa. Bateriya yatsika, yatsika ndithu.

Selesitino wayang'ana kanyale kake, akuti moto ulipowu ukwanira matelefoni tsiku lonse, koma televizawu iumeza ngati phala. "Ichotseni, malume." Kuchotsa televizawu? Bwanji osandichotsa mutu?

Ndalamula kuti m'nyumba musayatsidwe getsi. Wailesi ayi. Tidye kukadali kowala.

Masana, ndili ndi makadi okoma pa meza ya pamsomali, mwadzidzidzi pagalasi patuluka nkhope ya mlamu wanga wa ku Ntengo-Wambalame, telefoni ikuimba nyimbo ya kwaya. A Nangondo alowa, aichotsa pamsomali, atuluka nayo. Msomali watsala wokha.

Meza zitatu? Ayi. Ndanena zinayi. Tagawa televizawu pakati, muli ziwiri. Selesitino akuti, "Si zimene ndinkanena Lachiwiri izi?" Khutu lakumanjali limandivuta nthawi zina.

Akutinso tisunthe kafoni kabwere kumanja, kumene khosi likufika. Chingwe chake sichifika. Komanso kusuntha ndi kuvomereza kuti khosi landigonjetsa pamaso pa mwana wa mlongo wanga. Kakhale pomwepo. Ndizitembenuka ndi thupi lonse, thupi ndi langa.

A Fulugensiyo sindinawaimbire. Ndikaimba ndiulula. Aone okha mawa.

Komabe ndikuganiza. Nanga ngati amafuna kundiuza kanthu?

Loweruka

M'mawa. Ndameta. Ndavala jekete. Kuli nkhungu.

Madzulo.

Ndikulowa pa meza, a Fulugensiyo akhala kale. Kachithunzi kawo kaja ka chipewa. Mawu pansi pake, amawalembera ndi Luwiza: "Mwafika, achimwene." Ndikuti ndiyankhe, televizawu yalira.

Makadi oyamba ndasewera ndi a Fulugensiyo bwinobwino, nditatembenuka ndi thumba lomwe. Ndawadya. Ndabwerera kutsogolo, ma asi awiri, makadi oposa onse! Mlendo wa kankhope koseka uja ali pomwepo, akukweza, akukweza. Ndamulola, ndamulola, ndamuthyola! Ndafuula mpaka galu wathawa pakhomo.

Kenako kumanja. Kenako kutsogolo. Magazi atentha, ndili mnyamata. Kumanzere ndikumva ti-ti-ti. Ndikuti dikirani mdala, inu mumadziwa kudikira, tinadikira limodzi pa mzere wa ufa. Ti-ti-ti. Ndikubwera. Ti-ti-ti.

Kenako kumanzere kwati zii. Ndipo ine, chitsiru, ndasangalala kuti phokoso lachepa.

Sindidziwa papita nthawi yotani. Bateriya yalira kamodzi, televizawu yati thi, mdima. Komputadori yataya rede. Pakhomo paima anthu a a Shaviyere ndi wilibala, akuti mpira ukuyamba.

Ndatembenuka ndi thupi lonse. Kafoni palibe. Katsetsereka, kagona chafufumimba pakati pa matumba, kakadali koyaka. Meza inandidzutsa pampando kalekale. Mpando wa a Fulugensiyo nawonso ulibe munthu. Atsala mawu okha:

"Rede yavuta?"
"Tikudikira, musathamange."
"Zikomo, achimwene."

Ndaimba. Osayankha. Ndaimbanso. Osayankha.

A Nangondo andipeza ndikadali pa thumba. Angondifunditsa bulangete. Bola akanandilalatira.

Lamulungu

Dzuwa latuluka. Lero! Paineli ikumwa mpaka kukhuta, palibe choyatsa.

Titachoka ku Misa, Luwiza waimba. Ali pokwerera chapa, minibasi zathu zija, ndi katundu, bambo ake amuperekeza. Mwanayo ndi waulemu, sanakweze mawu. Akuti, "Ababa dzulo anavala jekete la ukwati. Anakhala pafupi ndi televizawu, mphuno pang'ono kukhudza galasi. Simukudziwa kuti pa telefoni makadi anasiya kuwaona? Ndi chifukwa chake ndinawalumikizira pa yaikulu. Lachinayi amafuna akuuzeni okha."

Sindimadziwa. Anati makadi ngati zitseko, ine ndinamva kunyada.

Dzulo ndinkadzitonthoza kuti ndikwera chapa tsiku lina, ndinyamule makadi athu akale a pepala, aja a ku kampu ali m'sutikesi. Tsopano ndikawaonetsa ndani? Sawaona.

Kenako mawu a Fulugensiyo. Akuseka kale asanayambe.

"Achimwene! Selesitino wauza Luwiza. Meza zinayi! Mwakula."

Ndati ndi zazing'ono.

"Nanga ine ndinali pa galasi liti?"

Ndati pa lalikulu, kutsogolo.

"Mwayankha msanga, achimwene. Mulibe kanthu m'manja."

Akusekabe. Chapa yaliza hutala, Luwiza akuti ababa bweretsani, telefoni yadula.

Matumba tabwezera m'nyumba mwake. Awiri apamwamba apsa ndi chisanu, a Nangondo akusankha zotsala, sakundiyang'ana. Televizawu inapita dzulo. Selesitino watenga komputadori yake ndi mpando wa alendo womwe, akuti aubwezera pabalaza. Chitseko chakale chabwerera kuseri kwa khola. Msomali ndausiya.

Ndakhala pa thumba langa lakale, kafoni m'manja, monga kale. Rede ikugwira bwino zedi.

Khosi nalo lamasuka. Likutembenuka kumanzere bwinobwino.

Kulibe woti ndimuone.