Aliyense Atseka Bwalo

Lolemba

Ntchito andipatsa ine! Loweruka kuli chikondwerero cha nyimbo pa bwalo la mpira kuno ku Ndunde, ndipo mayi Filesi, apampando a komiti, ati oyimba ndikawapeze ndine, poti palibe khonde limene sindinakhalepo. Malipiro anga: maikolofoni. Ati oyimba akamapuma andigwiritsa, ndikambe nkhani imodzi.

Ndakamba nkhani pa bawo, pa maliro, pa mzere wa kuchipatala, koma mawu anga sanatulukirepo mu sipika. A Biziwiki, anzanga a pa bawo, anaigwirapo maikolofoni kamodzi pa ukwati wa mdzukulu wawo, mpaka lero sitipuma nazo.

Nkhani ndasankha kale, ya agogo anga amene anachoka ku Mozambiki wapansi atasenza chitseko pamutu.

Ofunika: tchopa wa ku Kadewere, kwaya ya amayi ya ku Likoswe, anyamata a bandi a pa sitolo apa. Basi. Chovuta nchiyani?

Lachiwiri

Kadewere, pa njinga. A Lufeyo, mkulu wa tchopa, avomera, koma kuyamba akukana. Ati woyamba amavinira mbuzi ndi ana, anthu akadali kudimba. Ati ng'oma zawo amaziwamba pamoto kuti zilire bwino, ndiye sangawambire mbuzi. Akunena zoona. Pakamwa panga pangotuluka: "Mutseka bwalo ndinu, achimwene."

Andimwetsa thobwa. Ndabwerera ndikuimba mluzu.

Lachitatu

Likoswe. Mayi Dolofina a kwaya za kuyamba sakufuna kumva. Ati tsiku lizitsekedwa ndi nyimbo ya Mulungu, osati ndi anthu ovala nthenga. Ine nditsutsane ndi Mulungu? Mutseka ndinu, mayi.

Pobwerera, anyamata a bandi. Gitala yawo imadya moto wa batire, batire imatchajidwa pa sola, ndipo ati imakhuta dzuwa likapendeka. Batire sungakambe nayo mlandu. Mutseka ndinu, ana anga.

Otseka atatu. Wotsegula palibe. Ndawauza amayi a kunyumba, angonyamuka kukatsekera nkhuku. Zikonzeka. Pakamwa pomwepa pakonza.

Lachinayi

Zaululika! Ine ndaiwala bwanji kuti a Lufeyo ku Kadewere ndi akamwini chabe? Kwawo ndi ku Likoswe, ndipo mlongo wawo ali mu kwaya. Wakumana ndi alamu ake, akazi awo a Lufeyo, pa chigayo, aliyense kudzitama kuti tikutseka ndife. Woyendetsa chigayocho ndi woimba gitala wa bandi. Akuti mpaka wazimitsa chigayo kuti amve bwino.

Mayi Filesi afika pakhomo osakhala pansi. "Agogo, gulu limodzi lokha likalephera, maikolofoni muiwale."

Mtima suli m'malo. A Biziwiki pa bawo akungofunsa za moyo wanga, mwaulemu wachilendo.

Lachisanu

Tsiku lonse pa njinga, kumwa fumbi, kuyankhula.

Kuchita maere: a kwaya ati ndi juga.

Wamkulu msinkhu atseke: mayi Dolofina, amene zaka zonsezi akhala akudzitcha mtsikana, lero ati anawaona a Lufeyo akukwawa.

Anyamata atseke Lamulungu, tsiku lawolawo: andifunsa ngati ndili bwino m'mutu.

Ndanyengerera, ndakumbutsa ubale, ndatchula amalume a aliyense. A Lufeyo ndawakambira nkhani ziwiri zazitali kuti afewe, aseka, koma osasuntha. Chomwe ndapata: onse abwera. Zoti ayamba ndani tikaonera pompo.

Kummero kukukanda. Ndatafuna jinja.

Loweruka

Ndadzuka, ndawapatsa moni amayi. Moni sanatuluke.

Ku bwalo onse afika, Mulungu ngwabwino. Koma tchopa wakhala pansi pa mtengo wa mango, kwaya pansi pa bulugamu, bandi kuseri kwa golo. Aliyense akudikira mnzake ayambe. Ng'oma aziwamba, zazizira, aziwambanso, udzu watha. Amayi a kwaya akonza mipango kumutu mpaka yatopa. Anthu abwera kuchokera kudimba, bwalo lati tho, woimba palibe. Ogulitsa mandasi okha ndiwo akusangalala.

Mayi Filesi andikokera kutsogolo. "Agogo, magulu mwabweretsa. Nayi maikolofoni, tigwirireni anthuwa."

Ndaigwira. Yolemera, yozizira, kununkhira ngati ndalama yachitsulo. Ndatsegula pakamwa. Sipika yatulutsa mpweya wokha, ngati tayala laponjoka, kumveka mpaka kuphiri. Ndayesanso. Mwana wina walira.

A Biziwiki aimirira, ati asiyeni achimwene apume, nkhani yawo ndikuidziwa. Atenga maikolofoni m'manja mwanga, ine ndikuona.

Nkhani yanga! Ati agogo anasenza mphasa. Mphasa! Aliyense amasenza mphasa! Chitseko anachisenza poti anasema ndi bambo awo, ndipo anati nyumba amanga kulikonse koma chitsekocho sachisiyira Mpwitikizi. Ndikugwedeza mutu, ndikujambula chitseko m'malere ndi manja, anthu akuomba m'manja kuyesa ndikuvina.

A Biziwiki osamaliza. Achoka pa agogo anga, alowa ukwati wa mdzukulu wawo, mphatso imodziimodzi. Dzuwa lapendeka. A Lufeyo alephera kupirira, amenya ng'oma yozizira yomweyo. Kwaya, poopa kutsala, yayamba. Batire nayo yakhuta. Onse pamodzi! Fumbi, aleluya, gitala, nthenga. Atseka onse atatu.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu ati chikondwerero chotere sichinachitikepo, ndipo nzeru yoimbitsa onse pamodzi ndi ya a Biziwiki. Komiti yawapempha kale za chaka chamawa.

Madzi otentha, ndimu, jinja. Amayi ati pakhomo pano lero akumva mbalame.

Ana a oyandikana nawo akusewera pabwalo, wina wasenza mphasa pamutu, ati ndi agogo anga. Ndatuluka, ndawalozera chitseko. Athamanga kukanditsekera.