Nyumba ya Achimwene Yopanda Kolido

Wadirobu inali pamsana panga, alamu atagwira kumiyendo kwake, pamene achimwene anakuwa kuti, "Imani pomwepo! Taonani madziwo!"

Inu, tamverani. Munthu thukuta lili kamukamu, khosi likulira ngati chitseko chakale, wina akuti taona madzi. Ndinati, "Achimwene, ine madzi ndimawaona tsiku ndi tsiku m'beseni pochapa zovala za eni ake. Kolido ili kuti, tidutse?"

"Kolido?" Anaseka ngati ndafunsa khola la nkhumba. "Kuwononga malo kumeneko, mlongo wanga. Zachikale."

Achimwene angawa atapuma pantchito ya muofesi anapeza malo m'mbali mwa nyanja, mutu n'kuzungulira. Wojambula mapulani anamuthamangitsa chifukwa choika khitchini kumbuyo. Pulani anajambula okha ndi kamtengo pamchenga, mmisiri akungogwedeza mutu ngati gulo. Lamulo linali limodzi: chipinda chilichonse chiyang'ane nyanja. Ndiye nyumba inatuluka ngati sitima yapamtunda, zipinda zili ndondondo: pabalaza, khitchini, cha ana, cha apongozi awo, chawo, ndipo kumapeto kwenikweni bafa ndi chimbudzi. Zitseko zonse anaziika mbali ya mazenera, ati munthu azionabe madzi ngakhale akuyenda. Koma mtima wawo wonse unali pa zenera la kuchipinda kwawo, chigalasi chochokera khoma ili kukafika khoma ilo. Ankati moyo wawo wonse ankalota zongotsegula diso m'mawa, n'kuona nyanja mutu uli papilo.

Wadirobuyo tinadutsa nayo chipinda ndi chipinda, ikusiya khungu pachitseko chilichonse. Kusukulu ya akulu tsiku limenelo ndinajomba, anzanga akuphunzira kulemba, ine ndikuphunzira kutukwana chamumtima.

Ndinagona komweko kuti ndithandize kulongosola katundu. M'mawa achimwene anatseguladi diso. Anaona nyanja? Anaona mwana wawo wamkulu akudutsa, mswachi uli kukamwa. Kenako wamng'ono, akuthamanga atagwira kabudula. Kenako kunamveka, "Odi, odi kuno!"

Apongozi awo, mayi ake a alamu, thaulo paphewa, sopo m'manja. Ndipo mayi amene uja sadutsa munthu osamupatsa moni. Anaima ndendende pakati pa bedi ndi zenera.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Achimwene bulangeti mpaka m'mphuno. "Tadzuka, mayi, kaya inu?"

"Ife bondoli. Usiku wonse kuwawa. Kodi nthawi zonse mumagona kukamwa kuli yasa?"

Pobwerera kubafa anaimanso, kudzamaliza nkhani ya bondo.

Ndinati, "Achimwene, chipinda ichi kapena siteji ya basi?"

"Iwe zako n'zochapa. Nyumba yatsopano imafuna kuizolowera."

Anaitana anzawo a kuofesi kuti adzaone kukongola. Anawamwetsa tiyi, thipoti kudzaza, kudzazanso. Inu mukudziwa kumene tiyi amathera. Anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, azibambo a mataye, kudutsa kwa ana, kudutsa kwa gogo amene anali atagona masana, mpaka kuchipinda kwa eni nyumba, kumene alamu anali atayanika zamkati pampando. Wina, wadazi, anabwerako n'kunena kuti, "Koma madamu, chipinda chanu chili ndi zooneka zambiri." Alamu anangoika thireyi patebulo mwakuti makapu onse anadumpha.

Nzeru yoyamba ya achimwene inali katani. Anamanga chingwe, n'kupachika nsalu kuti odutsa asaone bedi. Odutsa sanaonedi bedi. Nawonso a pabedi sanaone nyanja, ankangoona mapazi akudutsa kunsi kwa nsalu, n'kumalota kuti awa ndi a ndani. Katani sinakhalitse.

Nzeru yachiwiri: kuboola chitseko chakunja kubafa, aliyense azizungulira panja. Kumbuyo kulibe njira, nyumba inagunda mpanda wa aneba, ndiye anthu ankadutsa kutsogolo, pamaso pa chigalasi chija. Achimwene akatsegula diso ankaona apongozi ali panja, chipumi atachigunditsa pagalasi, akufunsa ndi manja ngati adzuka bwino. Asodzi nawo anazolowera, akamadutsa ndi bwato ankakweza nkhafi kupereka moni.

Kenako mvula inagwa. Gogo anatsetsereka pamatope ndi bondo lomwe lija, sopo uko, thaulo uko, iwo chagada ngati kamba. Ananyamula ndani? Ine. Ndinangobwera kudzatenga ndowa yanga, ndinapezeka ndabereka munthu wamkulu, kudutsa naye sitima yonse, iye akundiuza kuti ndikuyenda mogwedeza.

Tsiku limenelo alamu analankhula. Mawu awo sanakwere, n'chifukwa chake ndinachita mantha.

"Bambo a ana, mayi anga sadzapondanso matope, ndipo anzanu sadzaonanso zovala zanga. Mmisiri abwere amange kolido. Apo ayi, ine, ana ndi amayi tikupita kwa achemwali anga. Mutsale ndi nyanja yanuyo, izikuphikirani."

Mmisiri anabwera, pensulo kukhutu. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Khoma lidutse mbali iti, bwana?"

"Kumbuyo! Kumbuyo!"

"Kumbuyo ndiye tigumule kwa gogo, tisunthe zitseko, tizule mapaipi a kubafa. Mukhala opanda chimbudzi mpaka mvula itatha."

Alamu anati, "Dutsitsani pomwe pali zitsekopo."

"Koma mayi a ana, pamenepo ndi pa zenera langa!"

Alamu anangoyang'ana sutikesi imene inali pamwamba pa wadirobu. Achimwene anayang'ananso sutikesiyo. Kenako anauza mmisiri kuti amange pomwepo.

Njerwa ndinatuta ndine, musafunse n'komwe. Khoma linakwera iwo akuonerera, mzere ndi mzere, nyanja ikuchepa, ikuchepa, mpaka inatsala kachidutswa ngati mpango, kenako mmisiri anaikapo njerwa, phaa, n'kupukuta manja m'thalauza.

Lero kolido ya kwa achimwene ilibe inzake. Galasi lokhalokha, mphepo yabwino, mbalame zikuuluka pamadzi. Mwiniwake amagona kuseri kwake, m'kachipinda kamdima ngati mosungira makala, amayatsa getsi masana kuti apeze sokosi. Akafuna nyanja amatenga kampando n'kukakhala mukolidomo, mawondo atagunda galasi. Dzulo ndinawapeza momwemo, kapu ya tiyi m'manja, nkhope ngati ali pamaliro. Kumbuyo kwanga kunali gogo ndi ndodo yawo, kumbuyo kwa gogo ana.

Ndinati, "Miyendo, achimwene."

Anapinda miyendo, tinadutsa.