Mowa Wanga Wopepuka Unasambitsa Apongozi

Mukandiona ndikuyenda monyada pamsika wa Milonde musaganize kuti ulemuwu ndinaupeza ndili wouma. Ndinaupeza ndikudontha masese kuyambira kumpango mpaka kuzala zakumiyendo.

Zinayamba ndi mimba ya amuna anga, bambo a Esita. Kuchipatala anawauza kuti magazi akuthamanga, mimbayo iphwe, mowa asiye. Iwo anangomva za mimbazo, za mowa makutu anagontha. Ine mantha anandigwira, chifukwa umasiye sindikuufuna. Ndinati poti kusiya akukana, ndiwafululira ndekha mowa wopepuka: chimera pang'ono, shuga ayi, madzi ambiri, ndi kuumwa usanapse kwenikweni.

Woyamba unatuluka phala. Wachiwiri unasasa moti ngakhale nkhumba inangonunkhiza n'kubwerera (nkhumba yomwe ija inadyapo sopo wanga). Wachitatu ndiye unakoma, koma bambowo analawa n'kukwinya nkhope.

"Ili ndi thobwa la ana a sukulu," anatero. "Abambo anga akauvomera, ndizimwa womwewu. Akaukana, musandiletsenso kupita kwa anzanga."

Apongozi angawo ndi munthu amene akalawa mowa n'kulavula, wofulula amasamuka mudzi. Mwayi unapezeka pa dima, tsiku limene tinaitana anthu kudzatipalira chimanga kuti pomaliza amwe mowa. Ndinathira mowa wanga m'zigubu ziwiri, n'kumanga zitsekerero mwamphamvu, ndi pulasitiki mkati kuti usadonthe. Ndinaiwala kuti mowa wosapsa umakhala ukuwirabe. Wakabaza anazimangirira kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo, msewu wake mabampu okhaokha. Pofika kumunda zigubu zinali zitatupa ngati achule.

Ntchito ili pakati, azibambo anaika makasu pansi n'kukhala pamthunzi wa mango, apongozi patsogolo. Ndinagwada mwaulemu, chipanda pambali, n'kupotokola chitsekerero.

Phuu! Chitsekerero chinakathothola mango osapsa m'mwamba. Thovu linandimenya kumaso, n'kupitirira kukatera pa apongozi: chipewa, ndevu, jekete lawo lopitira kutchalitchi (chimene anavalira jekete kumunda musandifunse). Ndinayesa kutseka ndi chikhatho, mowa n'kutulukira m'mbali kukapeza enawo. Ndinaukhalira. Inde, ine mayi wa ana anayi, ndinakhalira chigubu pamaso pa apongozi, chikundifwentherabe pansi.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Bambo a Esita anayang'ana kuphiri ngati sakundidziwa.

Apongozi anavula chipewa, nachikutumula. Kenako ananyambita ndevu, n'kunyambitanso.

"Apongozi," anandiitana, "mowa umenewu mwafulula ndinu?"

"Eya, pepani bambo, ndi wopepu..."

"Wopepuka chiyani? Ine ndamwa mowa mpaka ku Mozambique, koma womenya munthu asanaumwe sindinauonepo! Uwu ndiye mowa wamoyo. Tsegulani chinacho, koma mulozetse uko."

Chigubu chachiwiri chinatha anthu akuchiyamikira ukali. Wina anati wamukwera kale m'mutu, mnzake n'kumuchenjeza kuti amwe pang'onopang'ono. Ine ndinkangowathirira m'chipanda, ndikudziwa kuti mphamvu yake singagwetse ndi nkhuku yomwe. Anthuwo anabwerera m'mizere n'kumaliza munda wonse, opanda ndewu, opanda wodula chimanga poyesa udzu. Amuna anga anafika kunyumba ndi miyendo yawo, akuuza aliyense panjira kuti mkazi wawo amafulula zoopsa.

Kuyambira pamenepo samwanso kwina. Lamba anaboola bowo lina, ndipo kuchipatala anawayamikira. Chimwemwe changa sindingachibise, ndinapambana ndithu.

Phunziro lake ndi loti chigubu cha mowa wowira usamange kwambiri, ndipo ndinalimva bwino lomwe. Koma kukabwera alendo, ndimapita kuseri kwa nyumba, n'kuchikhutchumula kaye pang'ono.