Mawailesi a Chisomo

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chamboli, amayi ogulitsa tomato amayamba kutsinana. Mlandu ndi wanga, sindikana.

Mwana wanga wamkazi Chisomo amaphunzira za nyenyezi ku Joni. Tsiku lina pafoni anandiuza kuti akufufuza timawailesi ting'onoting'ono, kuti aone mmene timakulira. Netiweki inkadukaduka, koma ine, kalaliki wakale wa pamgodi, sindifunsa kawiri (matenda anga ndi amenewo).

Lamulungu pa zolengeza ndinaimirira monga mkulu wa mpingo. "Abale, mwana wathu akubwera Loweruka. Ndi katswiri wa mawailesi ang'onoang'ono. Yakufa amaidzutsa, yaing'ono amaikulitsa!" Anthu anaomba m'manja. Mayi ake anandiponda phazi, ine ndinayesa ndi chimwemwe.

Loweruka pakhonde panali mawailesi naini, ina yomangidwa ndi mphira. Chisomo atatsika minibasi anapeza anthu ali pamzere.

"Adadi, kuli maliro?"

"Ayi mwanawe, ndi makasitomala ako."

Anakhala pansi n'kugwira mutu. Kenaka anafotokoza mwaulemu kuti zake zili kumilalang'amba yakutali. Pakati pa ina pali chidzenje chomeza chilichonse, ndipo pafupi nacho pamafwamphuka mafunde onga a wailesi. Kwina mafundewo amafika patali zedi, kwina amangounjikana pamalo pochepa. Apang'onowa ndiwo timawailesi tija.

"Funso langa n'lakuti, kodi tating'onoto ndi makanda amene adzakule, kapena tinapinimbira chifukwa mpweya wotizinga ndi wothithikana?"

Ba Mulenga, neba wathu wa Chibemba, anakweza dzanja. "Nomba yankho n'chiyani, mayo?"

"Sitinadziwe bwinobwino. Mwina zonse ziwiri."

"Kodi kumeneko kumamveka mpira?"

"Ayi."

Ba Mulenga ananyamula wailesi yawo n'kundiyang'ana. "Awe mukwai, mwana ali bwino. Wofunika kukonza ndi wishi wake, adadi akewa."

Otsalawo ndinabweza ndekha panjinga, khomo ndi khomo, ndikupepesa. Wailesi ya Mayi Phiri ndinali nditaitsegula kale kuti ndimuchepetsere ntchito mwana, ndipo mpaka pano siyilankhula. Chisomo anakhala masiku awiri osandiyankhula, lachitatu anandijambulira zonse papepala, ndipo ndinamvetsa pafupifupi theka.

Ndinalumbira kuti ndizifunsa kaye ndisanalengeze. Mng'ono wake wangoyamba ntchito ku Ndola, akuti ya makompyuta, yosunga zinthu mumtambo. Za mvula ya chaka chino ndangouzako anthu awiri okha.