Dontho Limodzi la Chanzi

Lolemba

Bambo wa ku mishoni, kumene ndimaphunzitsa, andinunkhitsa kabotolo ka mafuta a bulugamu ochokera kwawo. Adontheza pamzere wa nyerere, mzere wonse balala. Akuti tsamba lililonse lonunkhira lili ndi mafuta, ndipo amatuluka ndi nthunzi. Nanga chanzi, chitsamba chathuchi, chimene ukachikhudza fungo limakuperekeza mpaka kunyumba?

Kunyumba ndapeza apongozi akufuna kuthira phulusa m'dengu la chimanga cha mbewu, poti anankafumbwe ayambamo kale. Ndatuma mkazi wanga akawauze kuti phulusa ndi lachikale, andisiyire dengulo sabata imodzi. Yankho labwera ndi mkazi yemweyo: "Mbewu ikafumbwa, akamwiniwo adzadzale sileti." Tiona.

Lachiwiri

Zofunika potcheza mafuta a chanzi ophera anankafumbwe: mbiya, mpope wa mfuti yagogodela yakutha, mtondo wobowoka wa madzi ozizira, gaga womatira, chanzi mitolo itatu. Kupatula chanzi, zonse ndabwereka kwa a Nabanda otcheza kachasu. Andifunsa katatu ngati Bambo akudziwa. Ine sindikutcheza mowa, ndikutcheza nzeru.

Lachitatu

Moto kuyambira m'mawa, utsi m'maso. Botolo ladzaza madzi. Mafuta ake ndi timaso tingapo pamwamba, ngati msuzi wa nkhuku yowonda. Komabe ndi mafuta, ndipo ndi anga.

Amuna anayi akhala pachulu moyang'ana mbiya, akuti akuwothera dzuwa. Chifunga cha ku Bembeke sichinachoke chiyambire dzulo, dzuwa kulibe.

Lachinayi

Ndabwera kuchokera kusukulu, botolo lili mbee. Mkazi wanga akumwetulira: "Munali litsiro pamwamba, ndakuyengulirani." Nkhuni za tsiku lathunthu wazitaya kuseri kwa khola ndi chipande! Mtima ukundiwawa koma sindikalipa, munthu wophunzira sakalipa. Ndangomenya mtondo ndi phazi, tsopano ndikutsimphina.

Ndikaika khutu padengu ndikumva anankafumbwe akudya.

Lachisanu

Ndatchezanso. Ndapita kukatunga madzi ozizira, pobwera ndapeza a Kamwendo, mmodzi wa owothera dzuwa aja, akupukuta pakamwa. Botolo lili pakati, mafuta onse apita ndi kumeza koyamba. Akuti: "Aphunzitsi, wanuyu saledzeretsa, koma mphuno zatseguka."

Umenewu ndi umboni kuti mphamvu ilimo, ndipo ndaulemba. Madzulo abwera anthu atatu achimfine ndi zikho zawo. Apongozi atumiza funso: kodi mbewu nayo ili ndi chimfine? Sindiyankha zachipongwe.

Loweruka

Kachitatu. Botolo sindikulisiya, ngakhale kuthengo ndapita nalo. Ndi nthenga ya nkhuku ndawola timaso tonse mpaka tapanga dontho limodzi lathunthu. Ndasankha nankafumbwe wonenepa, ndamuika pasileti, ndamudonthezera. Wapalasa miyendo, wagada, wafa!

Mkazi wanga akuti ngakhale madzi akadam'miza. Nsanje basi.

Wafa mmodzi. Otsala sindikuwerenga. Chanzi cha pafupi ndachimaliza, ndipo a Nabanda aitanitsa mpope wawo.

Lamulungu

Titachoka ku Misa ndakhuthula dengu pamphasa. Pansi pali ufa wokhawokha, mbewu yambiri ndi mabowo. Manyazi andigwira mpaka m'makutu.

Apongozi akhala mondifulatira, mwaulemu wake. Apeta, asankha yotsala, athira phulusa. Kenaka amasula mfundo ya nsalu yawo, atulutsa masamba ouma, awafikisa m'manja ndi kuwaza pakati pa mbewu. Fungo ndalidziwa ndisanaone tsamba. Alankhula kwa mkazi wanga, mokweza kuti ndimve: "Uwauze akamwini kuti chanzi n'chomwechi, amayi anga ankaika. Koma sankachiphika."

Mbewu yotsalayo siikwana munda wonse. Chigawo cha kumtunda chikhala chosadzala, ndipo achipatsa kale dzina, akuti munda wa aphunzitsi. Lichero la phulusa ndagwira ndine, mpope ndabweza.

Nankafumbwe uja ndamusunga m'botolo. Ameneyo ndinapha ndine.