Wondigwirira Chingwe Mwamutumiza ku Warsaw

Kwa Olemekezeka a Nduna Oona za Maulendo a Boma,

Bwana, pepani kuti ndikukutayitsani nthawi. Ndine Lieven Mortelmans wa ku Gent, wothamanga wosaona. Ndimathamanga nditagwira chingwe, ndipo mbali inayo amagwira Fien Debruyckere, mayi amene amandiuza pokhota ndi pamene pali dzenje. Boma lanu lachifundo latilipirira ulendo wa ku Lisbon, ku mpikisano wa Lamlungu likudzali. Ndili ndi zaka 43, maondo ayamba kudandaula, ndiye uwu ndi wotsiriza. Ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ndime 14 ya malamulo anu a maulendo, yoti aliyense agulidwe tikiti payekha, yotchipitsitsa pa mphindi imeneyo. Yanga inapezeka yolunjika. Ya Fien, yogulidwa kalaliki atabwerako komwa khofi, ikudzera ku Warsaw. Kumeneko akagona pa benchi, n'kufika ku Lisbon Lamlungu madzulo, mpikisano utatha, anzathu atasamba kale. Nzeru zoterezi, ife osapita patali ndi sukulu sitingazitulukire ayi.

Chachiwiri, Fien anapempha kuti adzigulire yekha tikiti ina. Mwatiteteza ku tchimo limenelo: mwati woyenda pa tikiti yosadzera mu ofesi yanu sawerengedwa m'gulu la dziko, choncho saloledwa kugwira chingwe changa. Koma ndiye mumatisamala!

Chachitatu, fomu yodandaulira munanditumizira ngati chithunzi, moti makina anga ondiwerengera anangoti zii. Mkazi wanga, Griet, ndiye anandiwerengera kuti yankho limabwera pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mawu amene ananena pambuyo pake sindiwalemba muno.

Kunena zoona bwana, zikundiwawa. Zaka ziwiri ine ndi Fien takhala tikudzuka m'mamawa, mvula ili pamsana, kuthamanga m'mbali mwa ngalande mpaka mapazi athu anayamba kugunda pamodzi.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti ndime 14 sikhudza a nduna, ndipo ndege yanu imafika pa nthawi yake. Bwerani mudzandigwirire chingwe. Ndi makilomita 42 okha, ndipo ine sindiima panjira. Mudzakhala ndi maola atatu athunthu ondifotokozera bwinobwino ubwino wa lamuloli, ngati mpweya udzakulolani.

Ine wanu wogonjera malamulo onse,
Lieven Mortelmans

Nsapato ndikubweretserani. Mungondiuza saizi.