Mlamu Wawongola Choki Changa

Lolemba
Abusa afika m'mawa, nkhope ili gwa. Akuti dzulo mawu anga amatuluka m'masipika a tchalitchi ulaliki uli mkati. Ine ndimapemphera chigawo cham'mawa, nthawi ya teni ndi yocheza ndi anzanga pa wailesi yanga yolankhulirana. Akuti zikachitikanso, eriyo itsike, poti nyumba ino ndi ya mpingo. Eriyo ya zaka khumi ndi ziwiri! Vuto ndikulidziwa: mphamvu ina ikubwerera kunja kwa chingwe cha koakisi m'malo mokwera ku eriyo. Mankhwala ake ndi choki, kachipangizo kotchinga mphamvu yobwererayo.

Lachiwiri
Choki chabwino chimafuna mphete za feraiti, zakuda zooneka ngati maginito. Ndazungulira mashopu onse a m'Chipata, mapazi akuwawa. Wina akundipatsa maginito a sipika yakufa. "Ndi zomwezo, bambo." Zomwezo za chiyani?

Lachitatu
Basi, ndipanga chopanda feraiti. Zofunika: paipi ya pulasitiki, koakisi mamita sikisi, tepi, mtima wodekha. Ndakulunga chingwe papaipi, mizere yothinana, osapingasa. Wosamalira tchalitchi wayatsa masipika, ine ndalankhula. Zii. Ndasangalala zedi.

Lachinayi
Mlamu wabwera kuchokera ku Madzimoyo, uja anapuma ntchito ya magetsi. Akuyang'ana choki changa n'kumapukusa mutu. Sindikumufunsa.

Lachisanu
Ndinapita ku Mwami kukalandira katundu. Pobwera, paipi ili pansi, chingwe chawongoledwa, chotsala chadulidwa bwinobwino. Mlamu akuti: "Alamu, waya wokulungakulunga amatentha, mukanaotcha nyumba." Ndani anamutuma? Mayi akunyumba akumuthokoza ndi tiyi wamkaka. Ine ndikutola zidutswa pansi.

Loweruka
M'tauni muli koakisi wa TV yekha. Ndalumikiza zidutswa, ndakulunganso. Kuyesa sikutheka, m'tchalitchi muli ukwati tsiku lonse. Mlamu akufunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndamuuza kuti akapume.

Lamulungu
Ndikanangokhala chete. Koma teni itakwana mnzanga wa ku Lilongwe waitana, wafunsa za choki. Ndamufotokozera za mlamu, zonse, osasiyako, ndi dzina lomwe. Choki cholumikiza sichinagwire. Mpingo wonse wamva m'masipika, mlamuyo ali chiimire kutsogolo, akulandiridwa ngati mlendo.

Mayi sakundilankhula. Masana madikoni abwera kudzatsitsa eriyo. Mlamu ndiye wawagwirira makwerero.